Schizophrenia yosamva mankhwala: mafunso ndi mayankho pa zizindikiro zomwe zimakakamira

Mafunso awa amafunsidwa kawirikawiri ndi abale a munthu amene wamwa mankhwala a schizophrenia, matenda aakulu a maganizo, kwa miyezi kapena zaka koma mawu m'mutu sakuleka. Amafunsidwanso ndi anamwino ndi madokotala a m'zipatala za m'maboma amene amaona wodwala yemweyo mwezi ndi mwezi akubwera ndi dandaulo lomwe lija. Mayankhowa sakulowa m'malo mwa dokotala amene akumudziwa wodwalayo, ndipo musasinthe kapena kusiya mankhwala musanakambirane naye.

Kodi dokotala akanena kuti matendawa sakumva mankhwala amatanthauza chiyani?

Sikuti munthu akangochedwa kupeza bwino ndiye kuti wafika pamenepa. Pali muyezo wake. Mu 2017 gulu la akatswiri a m'mayiko ambiri lotchedwa TRRIP linagwirizana zimene ziyenera kukwanira kaye. Wodwala akhale atayesedwa ndi mitundu iwiri yosiyana ya mankhwala a matendawa. Mtundu uliwonse akhale ataumwa kwa masabata osachepera 6, pa mlingo wofanana ndi chlorpromazine wa 600 mg patsiku. Mlingo umenewu ukufanana ndi haloperidol wa pafupifupi 10 mg, risperidone wa 6 mg kapena olanzapine wa 20 mg. Pakhale umboni woti ankamwadi, osachepera mapiritsi 80 pa 100 alionse amene anapatsidwa. Ndiyeno, zonsezi zitachitika, zizindikiro zikhale zikadali zamphamvu kwa masabata 12 kapena kuposerapo, zikumulepheretsa kugwira ntchito, kuphunzira kapena kukhala bwino ndi anthu.

Ngati akubayidwa jakisoni wokhalitsa, monga fluphenazine amene ambiri amamutchula kuti Modecate, nthawi yoyesera imafika miyezi pafupifupi 4, chifukwa mankhwala a jakisoni amachedwa kukhazikika m'magazi.

Odwala schizophrenia pakati pa 20 ndi 30 pa 100 alionse amapezeka m'gulu limeneli.

Ndi zizindikiro ziti zimene zimatsalira?

Madokotala amazigawa m'magulu atatu, ndipo funso loyamba pa wodwala aliyense ndi lakuti gulu lomwe lakakamira ndi liti, chifukwa chithandizo chimatengera yankho lake.

Gulu loyamba ndi la zinthu zimene matenda amamuonjezera munthu: kumva mawu a anthu amene palibe, kukhulupirira kotheratu zinthu zomwe sizili choncho, ndi kulankhula zosalumikizana. Ili ndiye gulu limene mankhwala anapangidwira, choncho likakana kuchoka ndi pamene ambiri amadziwika kuti matenda awo sakumva mankhwala.

Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene matenda amamulanda munthu: nkhope yosaonetsa chimwemwe kapena chisoni, kuchepa kwa mawu, kusasangalala ndi zimene ankakonda, kupewa anthu, ndi kusowa khumbo loyamba chinthu chilichonse, ngakhale kusamba.

Gulu lachitatu ndi la kaganizidwe. Munthu amalephera kusunga zinthu m'mutu kwa kanthawi, kutsatira nkhani yaitali kapena kukonza zochita mwa ndondomeko. Mukamutuma kugolosale sopo, mchere ndi machesi, amabwera ndi chimodzi, kapena amaima pakhomo la golosale osakumbukira chimene wadzera.

Ambiri amene sakumva mankhwala amakhala ndi magulu onse atatu, koma mphamvu zake zimasiyana. Chodziwika kwambiri n'chakuti mankhwala amachotsa phokoso koma muzu wa matenda umatsala. Wodwala amayamba kugona, amasiya kukuwa ndi kuyendayenda usiku, pakhomo pamabwera bata, koma mukakhala naye pansi n'kumufunsa modekha mupeza kuti mawu akumuyankhulabe tsiku lililonse ndipo akukhulupirirabe kuti akufuna kumupha. Chlorpromazine amagonetsa kwambiri, ndiye kudekha kotereku kumanamiza mabanja ndi achipatala omwe. Kudekha si kuchira.

Tingadziwe bwanji kuti akumvabe mawu ngati iye akukana?

Ambiri amakana chifukwa aphunzira kuti akavomera amaonjezeredwa mankhwala kapena kugonekedwa m'chipatala. Yang'anani zochita zake. Amatembenuza mutu mwadzidzidzi ngati wina wamuitana kumbuyo. Milomo imagwedera pansipansi ali yekha. Mukamufunsa kanthu amayamba wakhala chete akuyang'ana pambali, kenaka n'kuyankha, ngati kuti amadikira wina amalize kulankhula. Amaseka pamene palibe choseketsa. Ena amatseka makutu ndi thonje, ena amakweza wailesi usiku wonse.

Mawu okakamira amakhala ndi nthawi zake. Amakula munthu akakhala yekha, madzulo, akasowa tulo, kapena pakhomo pakachitika mkangano. Amachepa akamacheza ndi munthu kapena akamagwira ntchito ya manja. Pofunsa, musamangofunsa ngati mawu alipo. Funsani kuti amabwera kangati patsiku, amanena chiyani, ndi a munthu amene iye akumudziwa kapena ayi, ndipo amamulamula kuchita chinthu kapena ayi. Funso lomalizali ndi lofunika koposa. Mawu olamula kuti adzipweteke kapena apweteke wina, makamaka ngati wodwala akukhulupirira kuti mwini mawuwo ali ndi mphamvu zomulanga akapanda kumvera, ndi chifukwa chopitira kuchipatala tsiku lomwelo.

Akuti analodzedwa. Nanga si ambiri amakhulupirira zomwezo, tisiyanitsa bwanji ndi matenda?

Chikhulupiriro chimene anthu a m'dera lonse ali nacho sichiwerengedwa ngati chizindikiro cha matenda. Chimene dokotala amayang'ana ndi mmene chikhulupirirocho chamugwirira munthuyo. Cha matenda chimakula n'kumakoka anthu ambiri: chinayamba ndi mnansi mmodzi, tsopano mwalowa amayi ake, a mfumu, namwino ndi woulutsa mawu pa wailesi. Chimadya tsiku lonse. Sichigwedezeka ndi umboni uliwonse. Ndipo abale amene nawonso amakhulupirira za ufiti amaona okha kuti izi zapitirira. Wodwala amakana nsima imene wina waphika, amanunkhiza ndiwo asanadye, amasinthanitsa mbale yake ndi ya mwana, amamata mabowo a zenera ndi mapepala. Ngati zotere zikupitirira mankhwala awiri atayesedwa mokwanira, ndiye kuti gulu loyamba lija lakakamira.

Wasiya kulongolola, amangokhala pakhonde tsiku lonse osalankhula. Ndi matenda kapena ndi mankhwala?

Zikhoza kukhala zonse ziwiri, ndipo apa ndi pamene pamalakwika zambiri. Musanavomereze kuti kufooka kotereku ndi matenda enieniwo, pali zinthu zinayi zoyenera kuzifufuza.

Choyamba ndi kuuma kwa thupi kobwera ndi mankhwala, makamaka haloperidol, fluphenazine ndi risperidone wa mlingo waukulu. Muoneni akuyenda: manja sagwedezeka m'mbali, mapazi amakwekwereza, msana wawerama. Zala zimanjenjemera akakhala phee, dovu limatuluka, maso saphethira kawirikawiri. Dokotala akamapinda ndi kuongola chigongono chake amamva chikugwiragwira. Munthu wotere nkhope yake imaoneka yopanda moyo chifukwa minofu yauma, osati chifukwa mumtima mulibe kanthu. Kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala kumamubweza.

Chachiwiri ndi tulo ta mankhwala. Chachitatu ndi matenda okhumudwa, amene amagwira odwala schizophrenia ambiri. Wokhumudwa amanena kuti ndi wopanda pake, amadziimba mlandu, amaona kuti kutsogolo kulibe chabwino. Amene ali ndi zizindikiro za gulu lachiwiri sadandaula choncho, amangoti zili bwino. Chachinayi ndi mantha. Mufunseni chifukwa chake satuluka. Akayankha kuti panja pali anthu akumudikira, vuto lake ndi la gulu loyamba, osati lachiwiri.

Zinayi zonsezi zikachotsedwa n'kutsalabe kufooka, ndiye kuti ndi matenda enieniwo. Kunena zoona, mankhwala sathandiza kwambiri pamenepa. Cariprazine anaonetsa kupambana risperidone pang'ono pa kafukufuku wa mu 2017, ndipo amisulpride wa mlingo wochepa amathandiza ena. Koma chimene chimasintha moyo wa tsiku ndi tsiku ndi ntchito zazing'ono zokhala ndi nthawi yake: kudzuka ola lomwelo, kuthirira dimba, kusesa, kutsagana ndi m'bale kumsika. Kumukalipira kuti ndi waulesi kumangoonjezera matenda.

Pa za kaganizidwe, dziwani kuti benzhexol, amene ambiri amamudziwa kuti Artane, amafooketsa kukumbukira. Ndi wothandiza pamene thupi lauma, koma si woti munthu azingomwa zaka ndi zaka popanda kuunikanso ngati akufunikabe.

Chiyambireni mankhwala atsopano sakhazikika, amangozungulira. Kodi matenda akukula?

Mwina ayi. Pali vuto lobwera ndi mankhwala lotchedwa akathisia. Munthu amamva kusakhazikika mkati mwa miyendo ndi m'thupi monse. Akakhala pansi amagwedeza miyendo, amapingasa ndi kumasula, pakangopita mphindi wadzuka. Akaima amapondaponda pamalo amodzi. Limayamba masiku kapena masabata ochepa mankhwala atayambidwa kapena kuonjezeredwa. Achipatala akaliona ngati kukula kwa matenda amaonjezera mlingo, vuto limakula, amaonjezeranso, ndipo pamapeto pake m'kabuku mumalembedwa kuti mankhwala sakugwira. Funso losavuta limasiyanitsa: "Kodi mukuyenda chifukwa mukuopa chinachake, kapena miyendo ndiyo ikukana kukhala?" Akathisia amazunza kwambiri moti ena amafika poganiza zodzipha. Chithandizo chake ndi kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala, kapena kupereka propranolol.

Pali zizindikiro zina zimene mabanja saziganizira?

Kumwa madzi mopitirira muyezo ndi chimodzi. Odwala ena a nthawi yaitali amamwa malita ambiri patsiku mpaka mchere wa m'magazi umatsika, n'kuyamba kusanza, kusokonezeka mutu ndi kukomoka ngati wa khunyu. China ndi catatonia: munthu amauma pamalo amodzi, salankhula, sadya, mukamukweza dzanja amalisiya m'mwamba momwemo. Izi sizifuna kuonjezera haloperidol ayi. Zimafuna lorazepam kapena mankhwala a mtundu wake, ndipo nthawi zina chithandizo cha magetsi cha ECT. Ngati kuuma kwa thupi kwabwera pamodzi ndi kutentha thupi kwambiri, thukuta ndi kusokonezeka, thamangirani kuchipatala, chifukwa likhoza kukhala vuto loopsa la mankhwala limene limapha.

Maganizo odzipha ayenera kufunsidwa mosabisa. Odwala schizophrenia pafupifupi 5 pa 100 alionse amafa podzipha, ndipo kufunsa sikumuika munthu maganizowo m'mutu.

Kodi kusamva mankhwala kumayamba pachiyambi kapena kumabwera pambuyo pake?

Njira zonse ziwiri zilipo, koma yoyamba ndiyo yochuluka. Kafukufuku wa ku England amene anatsatira odwala kuyambira pamene anadwala koyamba, wofalitsidwa mu 2016 ndi 2017, anapeza kuti pa amene sankamva mankhwala, 70 mpaka 84 pa 100 alionse anali otero kuyambira pachiyambi penipeni. Nthawi zambiri amakhala amene matenda anawayamba asanakwane zaka 20, amene zizindikiro za gulu lachiwiri zinaoneka msanga, amene ankavutika kale kusukulu ndi pocheza ndi anzawo, ndi amene anakhala nthawi yaitali asanalandire chithandizo.

Otsalawo amayamba bwino. Mankhwala oyamba amagwira, munthu amabwerera kuntchito, kenaka amasiya kumwa, matenda amabwerera, ndipo ulendo wachiwiri kapena wachitatu mankhwala omwe aja sagwiranso monga kale. N'chifukwa chake kusiyasiya mankhwala si nkhani yaing'ono.

Chizindikiro choyambirira n'chakuti ngati pakutha masabata 2 pa mlingo wokwanira palibe kusintha ngakhale pang'ono, mwayi woti mankhwala omwewo adzagwira kutsogolo umakhala wochepa.

Bwanji osangoonjezera mlingo mpaka agwire?

Mankhwala ambiri a matendawa amagwira ntchito potseka malo a mu ubongo otchedwa D2, amene dopamine amafikirapo. Dopamine ndi mankhwala achilengedwe amene ubongo umapanga potumiza mauthenga. Kafukufuku wojambula ubongo wa ku Toronto mu 2000 anaonetsa kuti mankhwala amayamba kuthandiza akatseka pafupifupi 65 pa 100 ya malowa, ndipo akapitirira 78 pa 100 thupi limayamba kuuma ndi kunjenjemera. Mpata wake ndi wochepa. Kupitirira pamenepo mukungoonjezera mavuto.

Chinanso, ofufuza a ku King's College London anapeza mu 2012 kuti odwala amene amamva mankhwala ubongo wawo umapanga dopamine wochuluka, pamene osamva mankhwala umapanga wa mlingo wofanana ndi wa anthu osadwala. Patapita nthawi anapezanso kuti osamvawa ali ndi glutamate, mankhwala ena achilengedwe otumiza mauthenga, wochuluka m'mbali ina ya kutsogolo kwa ubongo. Ngati vuto silili pa dopamine, kuunjika mankhwala otseka dopamine kuli ngati kuthira feteleza wambiri m'munda umene chikusowa ndi madzi. Kuphatikiza mapiritsi a chlorpromazine, haloperidol ndi jakisoni nthawi imodzi kuli chimodzimodzi.

N'chiyani chimene chimaoneka ngati kusamva mankhwala koma chisali chimenecho?

Funso ili liyenera kuyankhidwa dokotala asanalembe kuti matenda sakumva mankhwala. Ku London, ofufuza atayeza magazi a odwala amene anatumizidwa kwa akatswiri kuti mankhwala sakugwira, anapeza kuti pafupifupi mmodzi pa atatu alionse anali ndi mankhwala ochepa kwambiri m'magazi, ena analibiretu.

Zifukwa zake n'zambiri. Wodwala amabisa piritsi pansi pa lilime n'kukalavula kuseri kwa nyumba, ndipo mapiritsi amapezeka pansi pa mphasa kapena m'thumba la malaya. Ena amamwa masiku okhawo amene akusowa tulo. Mankhwala amatha kuchipatala, kapena banja limasowa ndalama yoyendera, mwezi umodzi n'kudutsa. Pomuthandiza kumwa, mupatseni madzi okwanira ndipo mucheze naye mphindi zingapo akameza. Njira yotsimikizika kwambiri ndi kuyesa jakisoni wokhalitsa kwa miyezi 4 ija, chifukwa tsiku lobayira limalembedwa.

Mankhwala ena amachititsa chiwindi kuchotsa msanga mankhwala a maganizo m'thupi. Rifampicin wa TB amatsitsa kwambiri haloperidol, risperidone ndi clozapine. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone, amene amaperekedwa kwa odwala khunyu, amachita chimodzimodzi. Utsi wa fodya umatsitsa olanzapine ndi clozapine. Chamba chimadzutsa mawu ndi kukayikira anthu ngakhale munthu akumwa mankhwala bwinobwino, ndipo mowa umasokoneza tulo ndi kamwedwe ka mankhwala.

Pomaliza, mwina matendawo si schizophrenia. Khunyu ya mbali ya ubongo ya pafupi ndi khutu, HIV imene yafika mu ubongo, chindoko cha nthawi yaitali, matenda a chithokomiro ndi kutupa kwa ubongo, zonsezi zingabweretse mawu ndi kusokonezeka. Efavirenz, amene anali m'ma ARV a anthu ambiri ku Malawi asanayambe kusinthira ku dolutegravir mu 2019, amasokoneza maganizo mwa anthu ena. Matenda a bipolar, amene munthu amasinthasintha pakati pa kusangalala mopitirira muyezo ndi kukhumudwa kwambiri, ndiponso mabala a mumtima obwera ndi nkhanza zimene munthu anachitiridwa, amasokonezedwanso ndi schizophrenia. Ngati matenda anayamba mwadzidzidzi m'masiku ochepa, munthu ali wamkulu kale, kapena pali kukomoka, kusadziwa kumene ali ndi kuona zinthu m'malo momva mawu, thupi lonse lifufuzidwe kaye.

Kodi banja lingathandize bwanji dokotala kuona mmene zizindikiro zikuyendera?

Akatswiri amagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa PANSS, wa mfundo 30, ndipo zizindikiro zikatsika ndi zosakwana 20 pa 100 amati mankhwala sanagwire. Kukiliniki yodzaza anthu nthawi ya zimenezi sipezeka, choncho kope la pakhomo limathandiza kwambiri. Sankhani tsiku limodzi pa sabata. Lembani manambala kuyambira 0, kutanthauza kuti palibe, mpaka 3, kutanthauza tsiku lonse, pa zinthu izi: kulankhula yekha, kukayikira anthu, ukali, kudzipatula ndi kusadzisamalira. Onjezerani maola amene amagona, masiku amene sanamwe mankhwala, ndi ngati wasuta chamba kapena kumwa mowa. Lembaninso dzina la mankhwala alionse, mlingo wake, tsiku loyamba ndi tsiku losiya. Odwala ambiri amachedwa kulandira chithandizo choyenera chifukwa palibe amene angatsimikize kuti mankhwala ati anayesedwa, pa mlingo wanji, kwa nthawi yaitali bwanji.

Zikatsimikizika kuti sakumvadi, chotsatira n'chiyani?

Clozapine. Ndi mankhwala okhawo amene umboni wake ndi wolimba pa vuto limeneli. Mu 1975 anachotsedwa m'mayiko ambiri odwala ena atamwalira ku Finland chifukwa cha kutha kwa maselo oyera a magazi, amene amateteza thupi ku matenda. Anabwereranso pambuyo pa kafukufuku wa John Kane ndi anzake mu 1988, amene anaonetsa kuti pa masabata 6, odwala 30 pa 100 anapeza bwino ndi clozapine pamene ndi chlorpromazine anali 4 okha. Kafukufuku wambiri akaphatikizidwa, pafupifupi 40 pa 100 amathandizika moonekeratu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2013.

Zizindikiro sizichokera limodzi. Kawirikawiri tulo ndi ukali ndi zimene zimasintha poyamba. Mawu amayamba kumveka chapatali, amabwera mwa apo ndi apo, ndipo wodwala amatha kuwanyalanyaza ngakhale asanatheretu. Zikhulupiriro zimayamba zasiya kumulamulira zisanachoke: akhoza kunenabe kuti mnansi ndi mfiti koma akudya nsima ya pakhomo. Clozapine amachepetsa kuyesa kudzipha, sauma nawo thupi kwenikweni, ndipo amathandiza amene milomo ndi lilime zimangoyenda zokha chifukwa cha mankhwala akale. Gulu lachiwiri ndi lachitatu ndi limene limasintha pang'ono. Ena amaoneka kusintha m'masabata oyamba, ena pakapita miyezi 3 mpaka 6, choncho musafulumire kugamula.

Kuchedwa n'kumene kumawononga. Ku London mu 2012 anapeza kuti odwala ankadikira zaka pafupifupi 4 kuchokera pamene anayenera kuyamba clozapine. Kafukufuku wa ku Japan wa mu 2017 anaonetsa kuti amene anayamba zisanathe zaka 2.8 ankathandizika kwambiri kuposa amene anachedwa. Mankhwala awiri akalephera moyenera, palibe chifukwa choyesera achitatu, achinayi ndi achisanu a mtundu womwewo.

Amayambidwa bwanji, nanga magazi amayezedwa kangati?

Amayamba ndi 12.5 mg tsiku loyamba, n'kumakwezedwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Ambiri amakhazikika pakati pa 200 ndi 450 mg patsiku, ndipo malire ndi 900 mg. Kumene angathe kuyeza kuchuluka kwake m'magazi, amafuna afike 350 ng/mL. M'masabata oyamba amayeza kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi BP pafupipafupi.

Ku Britain magazi amayezedwa sabata iliyonse kwa masabata 18, kenaka pa masabata 2 alionse mpaka chaka chithe, kenaka pa masabata 4 alionse. Amayang'ana maselo oyera otchedwa neutrophil. Kutha koopsa kwa maselowa kumagwira anthu osapitirira mmodzi pa 100, makamaka m'miyezi yoyambirira.

Pali mfundo imene ikutikhudza ife anthu a ku Africa kuno ndi abale athu okhala ku Britain kapena ku South Africa. Ambiri mwa ife timabadwa ndi ma neutrophil ochepa m'magazi poyerekeza ndi azungu, chifukwa cha mtundu wa magazi wotchedwa Duffy-null, koma chitetezo chathu chili bwinobwino. Odwala akuda ambiri akhala akukanizidwa clozapine kapena kumusiyitsidwa chifukwa cha manambala amene kwa iwo ndi achibadwa. Malamulo a ku Britain ndi ku America amalola malire otsikirapo kwa munthu amene zatsimikizika kuti ndi wotero. Ngati m'bale wanu wakanizidwa pa chifukwa cha maselo oyera, funsani ngati zimenezi zinafufuzidwa.

Clozapine saphatikizidwa ndi carbamazepine. Amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku, monga ambiri a pa ma ARV, kapena zidovudine, auze dokotala asanayambe, chifukwa nawonso amatsitsa maselo oyera.

Ndi zizindikiro ziti zoopsa kwa munthu amene akumwa clozapine?

Kutentha thupi, zilonda za pakhosi kapena m'kamwa zingasonyeze kuti maselo oyera atsika. Kwathu kuno thupi likatentha aliyense amaganiza za malungo, ndipo n'koyenera kuyezetsa malungo, koma tsiku lomwelo ayezedwenso maselo oyera, ndipo woyezayo auzidwe kuti munthuyu ali pa clozapine. Matenda aakulu monga chibayo amakweza clozapine m'magazi mpaka munthu kugona mosadzuka bwino ndi kudzandira, ndipo ciprofloxacin amachitanso chimodzimodzi.

Kupweteka pachifuwa, kupuma mobanika ndi mtima kuthamanga m'masabata 8 oyamba zingasonyeze kutupa kwa mtima.

Kudzimbidwa ndi vuto limene ambiri amalipeputsa, koma matumbo akhoza kuima kotheratu munthu n'kufa. Funsani za chimbudzi mosachita manyazi. Masiku 2 kapena 3 osachita chimbudzi afunika mankhwala ofewetsa, ndipo mimba ikatupa, kupweteka kapena akayamba kusanza, pitani kuchipatala msanga. Madzi, masamba ndi zipatso zisasowe.

Dovu lonyowetsa pilo usiku, tulo tambiri ndi kukodza pogona zimachitika kawirikawiri ndipo zili ndi chithandizo chake. Thupi limanenepa, ndiye sikelo, shuga ndi mafuta a m'magazi ziziyezedwa. Kukomoka ngati wa khunyu kumachuluka mlingo ukapitirira 600 mg. Wosuta fodya akasiya mwadzidzidzi, monga pamene wagonekedwa m'chipatala, clozapine amakwera m'magazi m'masiku ochepa, choncho dokotala adziwitsidwe kuti aone za mlingo.

Akadumpha kumwa kwa maola oposa 48, asayambirenso pa mlingo wake wakale. BP ikhoza kugwa munthu n'kukomoka. Ayenera kuyambanso pa 12.5 mg motsogozedwa ndi dokotala.

Nanga clozapine naye akalephera?

Amati walephera pokhapokha atamwedwa kwa miyezi yosachepera 3 ali pa mlingo wokwanira m'magazi. Poyamba aonenso ngati akumwedwadi ndi ngati fodya sakumutsitsa. Kenaka dokotala akhoza kuonjezera aripiprazole kapena amisulpride. Ku Finland, kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti omwa clozapine pamodzi ndi aripiprazole ndi amene sankagonekedwanso m'chipatala kawirikawiri. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2015 anapeza kuti theka la amene anapatsidwa ECT pamwamba pa clozapine anathandizika. Sodium valproate amaonjezeredwa nthawi zina pa ukali kapena kukomoka, koma amapundula mwana m'mimba, choncho si wa amayi amene angathe kutenga pakati.

Uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi zochita, wotchedwa CBT, suchotsa mawu, koma umaphunzitsa munthu kusawaopa ndi kusawamvera. Kuphunzitsa banja lonse kuchepetsa kukalipa ndi kudzudzula kumachepetsa kubwereranso kwa matenda, ndipo umboni wake ndi wa zaka zambiri.

Tingapitirize mapemphero? Nanga tikapemphe kuti thandizo la akatswiri?

Mapemphero ndi chilimbikitso cha mpingo sizitsutsana ndi mankhwala. Choopsa ndi kuuzidwa kuti asiye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, kapena kusala kudya kwa masiku angapo mankhwala osamwa, chifukwa maola 48 aja amadutsa mosazindikira. Zitsamba zilizonse zimene akumwa muzinene kwa dokotala. Kumumanga ndi chingwe kapena unyolo kumasiya mabala ndipo kumatsimikizira mantha ake oti abale akumuchitira chiwembu.

Yambirani kukiliniki ya matenda a maganizo ya pachipatala cha boma lanu, ndipo mupemphe kuti akutumizeni kwa akatswiri. Ku Malawi kuli Zomba Mental Hospital, Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Zambia kuli Chainama Hills ku Lusaka. Popita, tengani mabuku onse a kuchipatala, akale omwe, mapaketi a mankhwala onse amene akumwa kuphatikizapo a TB, a khunyu ndi ma ARV, kope la pakhomo lija, ndi munthu amene amakhala naye tsiku ndi tsiku. Mukafika funsani mwachindunji ngati mankhwala awiri ayesedwa mokwanira, ngati m'bale wanu ndi woyenera clozapine, ndi kumene magazi aziyezedwa sabata iliyonse.